Ziphaso Zodumphira Mzere ku Mapaki Achisangalalo: Chogula N'chiti, Nanga Zikavuta Ndalama Zimabwerera?

Tikiti ya ku paki yachisangalalo imakulowetsani pageti. Zokwera zonse zili mkatimo mwalipira kale, inde, koma chilichonse chili ndi mzere wake, ndipo tsiku limene anthu achuluka mzere wa chokwera chotchuka umadya ola lathunthu, mwina awiri, pamene kukwerako n'kwa mphindi zitatu. Eni mapaki anazindikira kalekale kuti munthu wotopa ndi kuima sachedwa kupisa m'thumba. Disney inayamba ndi FastPass mu 1999, kapepala kaulere kolembedwa nthawi yoti mubwerere. Zaulerezo zinapita ndi mliri wa Covid-19 mu 2020, ndipo mu Okutobala 2021 Walt Disney World ya ku Florida inayamba kugulitsa Genie+ pa madola 15 munthu mmodzi patsiku. Mu Julayi 2024 inasinthanso n'kukhala Lightning Lane Multi Pass. Universal ili ndi Express, Cedar Point ili ndi Fast Lane, Six Flags inadziwika ndi Flash Pass, SeaWorld ndi Busch Gardens amagulitsa Quick Queue, Alton Towers ya ku England ili ndi Fastrack. Mayina ndi ambiri, koma mukawasanja bwino njira zake ndi 6 zokha.

Mudziwe kaye chimene mukugula. Chokwera chimanyamula anthu owerengeka pa ola, ndipo chiphaso sichiwonjezera mpando ngakhale umodzi. Pamakhala mizere iwiri, wolipira ndi wamba, imene imakumana pafupi ndi pokwerera. Pamenepo wantchito amalowetsa gulu lalikulu la olipira, kenako ochepa a mzere wamba, n'kuyambanso. Mphindi zimene inu mwapulumutsa zasenzetsedwa ena. Choncho chiphaso chimagwira bwino ngati ogula ali ochepa. Akachuluka, mzere wolipira nawonso umatupa, makamaka chokwera chikangoyambanso chitaima kaye, pakuti onse amene nthawi yawo inadutsa amakhamukira pamodzi. Mapaki amalonjeza mzere waufupi, salonjeza mphindi zakutizakuti, ndipo mukadzapita kukadandaula mudzapeza kuti mlandu wonse wagona pa kusiyana kumeneku.

Zoyezera

Mtengo. Chiphaso chimalipiridwa pamwamba pa tikiti yolowera, munthu aliyense chake, tsiku lililonse chake, ndipo mtengo umakwera pa masiku a tchuthi. Madola 30 amaoneka ochepa mpaka mutawerenga kuti muli 5 ndipo mukhala masiku 4: apo ndi madola 600.

Kapezekedwe. Kodi chimagulitsidwa liti, chimatha msanga, nanga chokwera chimene chakutengerani ulendowu chili pa mndandanda wake?

Ntchito yake. Ziphaso zina zimafuna kuti mudzuke m'mawa kukasungitsa malo, maso akhale pa foni tsiku lonse. Zina mumangoonetsa n'kulowa.

Chiopsezo. Chokwera chikawonongeka, mvula ikagwa, mwana akadwala kapena ndege ikachedwa, mutaya zingati, ndipo chimene adzakubwezereni n'chiyani? Anthu ambiri amadumpha funso limeneli, koma ine ndimaliika patsogolo pa onse.

1. Mzere wamba ndi njira zaulere

*Mtengo:* palibe. Mumalipira ndi tulo tanu ndi miyendo yanu.

*Kapezekedwe:* njira zaulere zilipo zambiri kuposa mmene mapaki amazilengezera. Yaikulu ndiyo kufika geti lisanatsegulidwe. Ola loyamba mizere imakhala isanakhwime, ndipo munthu wodziwa kolowera amatha kukwera zazikulu ziwiri kapena zitatu khamu lisanadzaze. Ola lomaliza ndi nthawi ya zionetsero za usiku zimathandizanso. Pali mzere wa okwera mmodzimmodzi, umene amatengamo anthu odzaza mipando yotsala. Umathamanga, koma gulu lanu limagawanika ndipo ana aang'ono sauloledwa. Makolo okhala ndi mwana wosakwana msinkhu ali ndi dongosolo losinthana, limene Disney imalitcha Rider Switch ndipo Universal imalitcha Child Swap: mmodzi akwera pamene wina ali ndi mwana, kenako winayo akwera osayambiranso mzere. Mapaki ena amapereka mzere wa pafoni kwaulere, monga VirtualLine ya Europa-Park ku Germany. Ogona m'mahotela a Disney ku Florida amalowa mphindi 30 ena asanalowe, ndipo a m'mahotela a Universal amatha kutsogola ndi ola.

Anthu aulumali ali ndi madongosolo awoawo aulere, ndipo ndi bwino kuwafufuza musanagule chiphaso chilichonse. Mudziwe chabe kuti mu 2024 Disney inachepetsa oyenerera Disability Access Service yake, n'kuisiyira makamaka anthu okhala ndi mavuto monga autism, moti ena amene ankaipeza kale tsopano amakanidwa.

*Ntchito yake:* kukonzekera usiku wake, kudzutsa ana kusanache, kudya nkhomaliro nthawi yosiyana ndi ena onse.

*Chiopsezo:* pa ndalama palibe chotaya, ndipo ubwino wake waukulu ndi umenewu. Chimene mungataye ndi tsikulo. Pa Khirisimasi kapena pa tchuthi cha sukulu, amene ali ndi tsiku limodzi lokha akhoza kutuluka atakwera zinayi basi, nkhope zili zii.

2. Kulipira chokwera chimodzi

Apa mumagula malo pa chokwera chimodzi, kamodzi. Ku Walt Disney World ndi Lightning Lane Single Pass, ku Disneyland Paris ndi Premier Access One imene inayamba mu 2021, ndipo Tokyo Disney Resort inayamba Premier Access yake mu 2022.

*Mtengo:* ku Florida kumayambira cha m'madola 10 mpaka kupitirira 20 pa munthu, malinga ndi chokwera ndi tsiku. Mukaganiza kuti n'kukwera kwa mphindi zochepa, n'kodula. Mukaganiza kuti mzere wake unali wa mphindi 100, palibenso njira ina imene imagula nthawi yochuluka chotere ndi ndalama zochepa chotere.

*Kapezekedwe:* zokwera zake n'zowerengeka, zimene zili pamwamba penipeni, monga TRON Lightcycle / Run, Rise of the Resistance ndi Flight of Passage. Ku Walt Disney World munthu amaloledwa ziwiri patsiku. Nthawi zabwino zimatha msanga, ndipo mukachedwa mumapeza yotsala ndi ya usiku.

*Ntchito yake:* yochepa. Mumasankha ola, n'kufika.

*Chiopsezo:* chochepa, chifukwa ndalama zake n'zochepa ndipo zamangidwa pa chinthu chimodzi chodziwika. Chokweracho chikakhala chotseka nthawi yanu, mlandu wanu ndi woyera: munalipira chakuti, simunachilandire. Pa ziphaso zonse, ichi ndicho chimene mungadandaule nacho mosavuta n'kumvedwa. Mukachedwa nokha, ndiye kuti zapita.

3. Chiphaso chosungitsira nthawi pa zokwera zambiri

Ichi ndicho chimene anthu ambiri amagula, ndiponso chimene ambiri amakhumudwa nacho, chifukwa amachitenga ngati kiyi wa zitseko zonse pamene chili chilolezo chosungitsira malo basi.

*Mtengo:* Multi Pass ya Walt Disney World imasinthasintha ndi paki ndi tsiku, kuyambira cha m'madola 15 mpaka cha m'ma 40, ndipo mwa mapaki ake, Magic Kingdom ndiyo imadula. Flash Pass ya Six Flags inkagulitsidwa m'magawo: lotsika linkakusungirani malo koma munkadikirabe nthawi yofanana ndi ya mzere wamba, kungoti mukudikira muli pamthunzi, magawo okwera mtengo ndiwo ankafupikitsa nthawiyo. Legoland Windsor inachitanso chimodzimodzi ndi Reserve & Ride. Wogula gawo lotsika akuganiza kuti adumpha mzere amadzimva kuti waberedwa, chonsecho zinalembedwa.

*Kapezekedwe:* apa pali zambiri. Ku Walt Disney World mumasankhiratu zokwera zitatu. Ogona m'mahotela a Disney amayamba kusankha kutatsala masiku 7, ena onse kutatsala masiku 3, kutanthauza kuti ena amapeza zonona zitatengedwa kale. Ku Magic Kingdom, EPCOT ndi Hollywood Studios, pa zitatuzo chimodzi chokha ndicho chingachokere m'gulu la zotchuka. Mukagwiritsa ntchito choyamba, mumaloledwa kusungitsa china mwa zotsala. Chokwera chilichonse n'kamodzi patsiku, ndipo zazikulu zija za pa nambala 2 mulibe: zimafuna ndalama zina. Ku Disneyland ya ku California dzina ndi lomwelo koma kayendetsedwe n'kosiyana, mumayamba kusungitsa mutalowa kale m'paki, chimodzichimodzi. Ku Universal Studios Japan ku Osaka, Express Pass imabwera m'mitolo ya zokwera zosankhidwa kale, zina zili ndi nthawi yoikika, ndipo mitolo yokhala ndi Super Nintendo World, chigawo chotchuka cha pakiyo, imatha kudakali masabata.

*Ntchito yake:* yambiri kuposa njira zonse. Kusungitsa ku Florida kumatsegulidwa 7 koloko m'mawa nthawi ya kumeneko. Tsikulo munthu mmodzi pagulu amasanduka kalaliki, kutsegulatsegula app kufuna nthawi yabwinoko, ndipo batire ya foni ikafa zonse zaima, choncho power bank ndi gawo la mtengo. Pali ntchito ina yobisika: nthawi zimene mwapatsidwa sizitsata mapu. Chokwera cha 10 koloko chili kum'mawa kwa paki, cha 11 koloko kumadzulo, ndiye mumangodutsadutsa padzuwa. Amene ali ndi agogo kapena mwana wa m'ngolo aganizire bwino zimenezi.

*Chiopsezo:* chapakati, koma chovuta kudandaula. Chokwera chikaima nthawi yanu, Disney imakupatsani chiphaso china cholowera kwina kapena kubwerera pomwepo chikayamba, ndalama ayi. Vuto lalikulu ndi la tsiku lodzaza kwambiri: mwalipira mtengo wapamwamba, mwakwera zitatu zija, ndipo pofuna chachinayi mukupeza zotsala ndi zimene zilibe mzere n'kale. Pakiyo siinaphwanye lonjezo lililonse pamenepo.

4. Chiphaso chongoonetsa n'kulowa

Palibe kusungitsa, palibe ola. Mufika pa chokwera, muonetsa chiphaso kapena lamba wa pamkono, mulowa mzere waufupi. M'gulu limeneli muli Universal Express, Fast Lane, Quick Queue ndi Lightning Lane Premier Pass.

*Mtengo:* waukulu. Ku Universal Orlando, Express kawirikawiri imaposa madola 100, ndipo pa masiku odzaza imadula kuposa tikiti yolowera. Premier Pass itayamba mu Okutobala 2024 inali pa madola 129 mpaka 449 ku Walt Disney World, kwa paki imodzi tsiku limodzi, ndipo ku Disneyland inayambira pa madola 400. Banja la anthu 4 ku Magic Kingdom pa tsiku lodula likhoza kusiya madola pafupifupi 1,800 asanawerengere matikiti.

*Kapezekedwe:* zimagulitsidwa zowerengeka, ndipo pa tchuthi zimatha. Yang'anani zinthu ziwiri. Choyamba, kodi n'kamodzi pa chokwera chilichonse kapena kangati konse mungafune? Universal imagulitsa mitundu iwiriyi padera, Premier Pass ndi ya kamodzikamodzi. Chachiwiri, n'chiyani chimene achichotsamo? Mapaki amakonda kuchotsa chokwera chatsopano, chimene aliyense wabwerera. Hagrid's Magical Creatures Motorbike Adventure inatsegulidwa mu 2019 n'kukhala zaka zingapo osalandira Express. Ku Cedar Point zotchuka kwambiri amaziika mu Fast Lane Plus, yodula kuposa Fast Lane wamba. Chikomekome cha mkuyu. Tsegulani mndandanda muone za mkati musanalipire.

*Ntchito yake:* pafupifupi palibe, ndipo kunena zoona chimene mukugula kwenikweni ndi mtendere umenewu. Musachitaye chabe, ndipo muchijambule pafoni.

*Chiopsezo:* chachikulu kuposa zonse, pakuti ndalama zambiri zamangidwa pa tsiku limodzi. Ku Florida kuyambira Juni mpaka Seputembala mabingu a masana ndi a tsiku ndi tsiku, ndipo mphezi zikayandikira, ma roller coaster a panja, zokwera zothamanga pa njanji zokhotakhota, amaimitsidwa. Paki imene zokwera zake zazikulu zonse zili panja imasandutsa chiphaso chanu kapepala chabe. Palinso kutaya kwa mtundu wina kumene anthu sakuganizira: kugula pasadakhale, n'kufika tsikulo paki ili pululu, mizere yonse ya mphindi 10. Palibe amene amabweza ndalama chifukwa choti kunalibe anthu. Ndipo chiphaso sichitalikitsa mwana. TRON imafuna masentimita 122, VelociCoaster 130. Mwana wa masentimita 115 mukamugulira chiphaso chodulachi, mwalipirira zokwera zimene adzabwezedwa pakhomo. Muyezeni kunyumba, atavala nsapato zimene adzavale.

5. Hotelo yokhala ndi chiphaso mkati

*Mtengo:* ku Universal Orlando, mahotela atatu, Loews Portofino Bay, Hard Rock Hotel ndi Loews Royal Pacific, amapatsa aliyense wolembedwa m'chipinda Express Unlimited, ija yokwera kangati konse, popanda kulipira kwina, kuyambira tsiku lofika mpaka tsiku lotuluka. Usiku umodzi ndiye kuti masiku awiri a chiphaso. Zipinda zake n'zodula, koma kwa anthu 4 kapena 5 masamu amatembenuka: ziphaso 8 kapena 10 zogula padera zimatha kuposa mtengo wa chipindacho. Kwa anthu awiri phindu limachepa, mwina kutheratu.

*Kapezekedwe:* chimagwira ku Universal Studios Florida ndi Islands of Adventure. Ku Epic Universe, paki imene inatsegulidwa pa 22 Meyi 2025, sichigwira.

*Ntchito yake:* kupita ku hotelo m'mawa kwambiri kukalembetsa ndi kutenga makadi, ngakhale chipinda chisanakonzedwe, apo ayi tsiku loyamba lawonongeka. Ngati mukugona kwina masiku ena onse, pali kusamutsa zikwama.

*Chiopsezo:* apa ndi pamene njirayi imaposa nambala 4. Chipinda cha hotelo kawirikawiri chimalola kukana kudakali masiku angapo n'kulandira ndalama zanu, pamene chiphaso chogula pachokha sichilola. Onetsetsani kuti mtengo umene mwasankha ndi wololeza kukana, pakuti wotsika kwambiri nthawi zambiri sulola.

6. Ulendo wa VIP

*Mtengo:* ku Walt Disney World wotsogolera wanuwanu wakhala akulipiridwa madola 450 mpaka 900 pa ola, maola osachepera 7, anthu osaposa 10, matikiti olowera padera.

*Kapezekedwe:* malo ndi ochepa, amasungitsidwa kudakali milungu.

*Ntchito yake:* palibe. Wina akuganizirani zonse.

*Chiopsezo:* kukana mochedwa kuli ndi chindapusa. Kwa gulu lodzaza anthu 10 logawana mtengo, pa tsiku limene Premier Pass ili pamwamba, kusiyana kwake sikukhala kwakukulu monga mungaganizire. Kwa ena onse, dumphani.

Nanga ndalama za tikiti?

Yankho lalifupi n'lakuti sizibwerera. Disney imalemba poyera kuti matikiti ake sabwezeredwa ndalama ndiponso sapatsidwa munthu wina, ndipo mapaki ena akuluakulu amalemba zofanana. Chimene mapaki amapereka zikavuta ndi tsiku lina, osati ndalama. Kwa munthu wokhala pafupi ndi paki, tsiku lina ndi malipiro enieni. Kwa amene wawoloka nyanja ndipo sadzabweranso posachedwa, n'chimodzimodzi osalandira kanthu. Musanatonthozedwe ndi lonjezo lililonse, dzifunseni ngati mudzathadi kubwerera.

Kusintha tsiku ndiko kumatheka. Ku Walt Disney World mukhoza kusuntha tikiti tsiku lake lisanafike, n'kuwonjezera ndalama ngati tsiku latsopanolo n'lodula. Tikiti imene yatha nthawi osagwiritsidwa ntchito n'komwe, mtengo wake amauwerengera pogula ina. Koma ya masiku angapo imene mwaiyamba kale, masiku otsala amafa nthawi yake ikakwana. Choncho zikasokonekera, chitanipo kanthu tsiku loyamba lisanafike.

Pa za nyengo mapaki amasiyana. Mvula wamba ku Disney si chifukwa. Paki imatsegula, ndipo zotsala n'zanu. SeaWorld ndi Busch Gardens ali ndi Weather-or-Not Assurance, imene imapereka tikiti yobwerera mkati mwa miyezi 12 ngati nyengo yaimitsa zokwera kwa mphindi 60 kapena kuposa. Namondwe ndi nkhani ina. Nyengo yake ku Florida ndi 1 Juni mpaka 30 Novembala, ndipo Ian mu 2022 ndi Milton mu 2024 anatseketsa mapaki a ku Orlando. Disney imalola kusintha kapena kukana popanda chindapusa chake ngati National Hurricane Center, ofesi ya boma la America yoona za namondwe, yachenjeza za namondwe ku Orlando, kapena kumene mukukhala, mkati mwa masiku 7 musanafike, ndipo Universal ili ndi lamulo lofanana nalo. Komatu zimenezi zimakhudza zimene munagula kwa iwo mwachindunji. Ndege ndi zogula kwa wina mukakambirane ndi eni ake.

Kumene mwagula kuli ndi kanthu. Mtolo wa hotelo ndi matikiti wogula ku Walt Disney World wakhala ndi lamulo lofewa kuposa tikiti yokha: kukana kudakali masiku 30 kapena kuposa, ndalama zonse zimabwerera, pakati pa masiku 29 ndi 2, amadulapo madola 200. Ogulitsa ovomerezeka a pa intaneti amatsitsako mtengo, ena amalola kubweza tikiti yosagwiritsidwa ntchito atadulapo pang'ono, koma zikavuta pakiyo imakutumizani kwa iwo, ndipo kusintha tsiku kumatalika. Ogulitsa matikiti otsala masiku m'mbali mwa msewu muwathawe: ku Florida kugulitsa tikiti yoyambidwa kale n'kuphwanya lamulo, ndipo mapaki amamangirira tikiti ku chala kapena ku chithunzi cha woyamba kulowa nayo.

Ambiri amadalira lamulo la masiku 14 la ku European Union ndi ku UK, loti chinthu chogula pa intaneti mukhoza kuchibweza. Malamulo omwewo amapatula zachisangalalo zokhala ndi tsiku loikika, ndiye tikiti ya pa 12 Ogasiti ilibe chitetezo chimenecho. Khadi la ngongole limathandiza pamene simunalandire chimene munalipira, monga paki kutsekedwa osakupatsani china. Ku UK, Section 75 ya Consumer Credit Act ya 1974 imamanga banki pamodzi ndi wogulitsa pa chinthu choposa mapaundi 100 mpaka 30,000, koma malirewo amayang'ana mtengo wa chinthu chimodzi, ndipo kugula kudzera kwa wina kukhoza kudula chingwecho. Ku United States muli ndi masiku 60 otsutsira ngongole yolakwika. Mzere wautali kapena mvula sizipambana ku banki. Inshulansi ya ulendo imalipira pa matenda ndi zifukwa zina zolembedwa. Yololeza kukana pa chifukwa chilichonse imadula, iyenera kugulidwa mutangolipira koyamba, ndipo kawirikawiri imabweza theka mpaka magawo atatu mwa anayi.

Za kukhoti musaziwerengere. Mu 2021 Disneyland inagulitsa Dream Key, chiphaso cha chaka chonse cha madola 1,399 chimene chinalengezedwa kuti chilibe masiku oletsedwa, koma eni ake ankalephera kupeza malo pa masiku ena. Nkhani itapita kukhoti, mu 2023 panachitika mgwirizano wa madola 9.5 miliyoni, ndipo aliyense anapeza cha m'madola 67.

Chimene chimathandiza kwenikweni n'chapafupi: kupita ku ofesi yothandiza alendo tsiku lomwelo musanatuluke pageti, muli ndi lisiti ndi zithunzi za pafoni zoonetsa ola limene chokwera chinali chotseka. Antchito a pamenepo ali ndi mphamvu yopereka ziphaso zina, tikiti yobwerera, nthawi zina ndi ndalama za chiphaso, koma n'chisomo chawo, si ufulu wanu. Nenani chinthu chimodzi chomveka chimene mukufuna, mwaulemu. Kalata yolemba mutabwerera kwanu imayankhidwa ndi munthu amene sanaone mvulayo.

Ndani atenge chiti

Ngati mukupita pakati pa sabata sukulu zili mkati, musagule kanthu pasadakhale. Fikani m'mawa, onani mizere pa app, ndipo pofika 11 koloko mudzadziwa ngati chiphaso chikufunika. Mapaki ambiri amagulitsa tsiku lomwelo. Mwina mtengo udzakhala utakwerako pang'ono, koma ndi bwino kuposa kulipirira paki yopanda anthu.

Ngati muli ndi masiku atatu kapena kuposa pa malo amodzi, ndalama za chiphaso zimapindula kwambiri mukagula nazo tsiku lina la tikiti, chifukwa pa matikiti a masiku angapo tsiku lowonjezera limatsika mtengo. Onjezerani chokwera chimodzi cholipira pa chimene mzere wake sutsika.

Ngati mwachokera kutali, muli ndi tsiku limodzi pa tchuthi chachikulu ndipo nonse ndinu a msinkhu wokwera chilichonse, apa ndi pamene chiphaso chongoonetsa n'kulowa chimayenera mtengo wake. Popeza chikhoza kutha, muyenera kugula pasadakhale, koma dikirani mpaka ndege ndi pogona zitatsimikizika, ndipo ngati n'kotheka mpaka zolosera za nyengo za sabata imeneyo zitatuluka. Lonjezo la tikiti yobwerera musaliwerengere ngati chitetezo.

Banja la ana aang'ono ku Magic Kingdom limapindula ndi Multi Pass, pakuti zokwera za ana zili mmenemo zambiri, bola pakhale munthu wosadandaula kugwira foni. Ku paki ya ma roller coaster okhaokha, banja lomwelo ligulire akuluakulu okha amene adzakweredi, n'kugwiritsa ntchito dongosolo losinthana.

Anthu 4 kapena 5 opita ku mapaki awiri akale a Universal Orlando kwa masiku awiri ayambe awerenga mtengo wa usiku umodzi ku imodzi mwa mahotela atatu aja asanagule Express padera. Wa yekha, kapena awiri osadandaula kukhala mipando yosiyana, mzere wa okwera mmodzimmodzi uwakwanira.

Ngati pagulu pali wodwaladwala, woyembekezera, kapena ulendo ukudalira visa imene sinatuluke, sankhani zimene zimalola kukana: mtolo wa hotelo wogula kwa pakiyo mwachindunji, inshulansi yogula msanga, ndipo ziphaso zonse zodumphira mzere muzisiye mpaka mutafika pageti.